Mapanga Osadziwa Dzina Langa

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anga, omwe anali mphunzitsi wa pulayimale, anawasamutsa kuchoka kwathu ku Mchinji kupita kusukulu ina ya kufupi ndi Kande. Nyumba za aphunzitsi tinazipeza zodzaza, choncho tinachita lendi kanyumba pakhomo pa a Manda, mkulu wa mpingo amene anali ndi bwato lake ndi munda wa chinangwa wotsetsereka mpaka kumsewu. Tinali anayi: bambo, mayi, ine, ndi mlongo wanga Dalitso, amene panthawiyo anali atangoyamba kuyenda.

Mayi sanawakonde malowo. Ankadandaula za kutentha, za mchenga umene unkapezeka ndi m'zofunda momwe, za fungo lowawasa la chinangwa choviika limene linkabwera ndi mphepo kuchokera kudambo. Koma chimene chinkawasowetsa mtendere kwenikweni chinali chiyankhulo cha kumeneko, Chitonga. Azimayi akaseka pamjigo, mayi ankabwerako atakwinya nkhope, n'kutula ndowa mwaphokoso. "Amaseka ine," ankatero. Sindinkawatsutsa, chifukwa kusukulu ine ankandisekadi. Wina akandipatsa moni ine n'kuyankha kuti "Nde umampha," ankandibwerezetsa kuti amve mmene lilime langa likupunthwira.

Mnzanga anali mmodzi, Wezi, mwana womaliza wa a Manda ndi akazi awo Anyalongwe. Tinali kalasi imodzi. Chichewa chake chinali chophunzira m'kalasi, chowongoka ngati cha m'buku, ndipo nthawi zina ankaika mawu pamalo posayenera. Ndi iye amene ananditengera koyamba kukaokala ka achimwene ake, a Yotamu.

A Yotamu anali atakhala zaka zingapo ku Joni. Anabwerako ndi chikwama chimodzi, laputopu yakale yong'aluka pakona, ndi dzanja lamanja lotsala ndi chala chachikulu ndi chamkombaphala basi. Nkhafi sakanaigwira, khoka sakanakoka, ndiye anamanga kaokala m'mbali mwa msewu, n'kuika sola padenga ndi batire la galimoto pansi pa tebulo. Ankatchaja mafoni ndi kuikira anthu nyimbo m'mamemore. Anali munthu wosayankhulayankhula. M'kaokalamo munkatentha ngati mu uvuni, munkanunkha malata otentha ndi usipa wouma wa amayi ogulitsa panja. Masana, asodzi ali mtulo ndipo makasitomala atachepa, ankatsegula laputopu ija n'kumasewera gemu yawo ndi dzanja lamanzere, ife ana titaunjikana pazenera ngati ntchentche pa mango.

Gemuyo inali ya kamunthu konyamula nyali, kotsika m'mapanga a pansi pa nthaka. Kankadutsa m'tinjira topapatiza, kutsegula mabokosi, kufunafuna makiyi, kuzemba njoka ndi mileme, mpaka katapeza makwerero otsikira kuphanga lina lakuya ndi loopsa kuposa loyamba. Kakafa, zonse zimene kanatolera zinkathera pomwepo, n'kukayambiranso pamwamba chimanjamanja. Patapita nthawi a Yotamu anayamba kutilola kusewera, koma anaika lamulo: moyo umodzi pa munthu patsiku. Moto wa m'batire unali wa mafoni a anthu, osati wathu. Amene wafa ankadzuka pampando, wina n'kukhalapo.

Ine ndinali mwana wa aphunzitsi, ndipo luso langa linali kuloweza. Mayina a mitsinje, masamu ochulukitsa, mavesi a Sande sukulu, zonse zinkakhala m'mutu mwanga monga ndinaziikira. Tsiku loyamba kusewera ndinafa msanga, koma ndinapita kunyumba ndikubwereza chamumtima: khomo lakumanja, kudumpha dzenje, bokosi pafupi ndi madzi, njoka kuseri kwa mwala. Ndinati mawa ndikawaonetsa onse.

Mawa lake khomo lakumanja kunalibe. Pamene panali dzenje panali khoma, madzi anali mbali ina, ndipo bokosi limene ndinalithamangira linali ndi kangaude m'kati. Ndinafa ndisanatenthetse ndi mpando womwe.

"Achimwene, mwasintha gemu," ndinatero.

"Ndi yomweyo," anayankha a Yotamu osadzutsa mutu, akulumikiza foni ya munthu. "Mapanga ake sabwereza. Amene unawaona dzulo sudzawaonanso."

Nkhani imeneyi inatitengera masiku ambiri ife ana. Tinkakangana pazenera, panjira ya kusukulu, ngakhale potsuka mbale kunyanja. Mnyamata wina wa m'kalasi mwathu, Isaki, ankati azungu anakhala pansi n'kujambula mapanga ochuluka ngati mchenga, n'kuwalongedza onse m'laputopumo. Wezi ankakana. Iye ankaloza kadiso ka kamera pamwamba pa sikirini, n'kumati ku Joni kuli munthu amene amatisuzumira pamenepo, ndipo ndi amene amasankha phanga loti atumize malinga ndi nkhope ya amene wakhala pampando.

Maganizo a Wezi ndi amene anandilowa, chifukwa sabata yonseyo zinandiyendera moipa. Tsiku lina ndinayambira pakati pa madzi, njoka ili kale pambali panga. Lina nyali inazima ndisanapeze mafuta. Lina ndinatsegula mabokosi opanda kanthu okhaokha, pamene Isaki, atangokhala pambuyo panga, anapeza lupanga pakhomo penipeni.

"Gemu iyi imamva Chitonga chokha," anatero Isaki, onse n'kuseka. "Alendo siiwadziwa."

Sindinalire. Ndinadzuka pampando n'kunena mawu amene ndinali nditawamva kwa mayi kambirimbiri pa nkhani zina: "Pali amene akuchita zimenezi. Zinthu sizingamangogwera munthu mmodzi."

A Yotamu anandiyang'ana. Kenaka anatseka laputopu, kutenga chitini cha mkaka chopanda kanthu, n'kutuma Isaki kuti atolere zitsekerero za mabotolo, timiyala ndi zigoba za nkhono kunja kwa kaokala. Zonsezo anaziponya m'chitinimo, n'kutuluka nafe panja.

"Chitsekerero ndi chipinda. Mwala ndi njoka. Chigoba ndi bokosi. Mwamva?" Anavindikira chitini ndi dzanja lawo lopuwala lija, kuchigwedeza, n'kukhuthulira pamchenga. "Phanga ndi limenelo. Tadala, kamunthu kako kayambira apa. Uyenda bwanji?"

Ndinaloza njira ndi chala. Anazitoleranso, kugwedeza, kukhuthula. Ulendo uno miyala yonse inagwera malo amodzi, pafupi ndi phazi langa.

"Tsopano ndani wakuikira njokazi? Ine? Chitini?"

"Zangogwa," anatero Wezi.

"Ngati maula," anawonjezera Isaki.

"Woombeza maula amakuuza kuti zagwa chonchi chifukwa cha uje," anatero a Yotamu. "Apa palibe uje. Anthu amene anapanga gemu iyi sanajambule phanga ngakhale limodzi. Anangopanga zidutswa, n'kulemba malamulo: khomo lisatsegukire m'thanthwe, kiyi asakhale kuseri kwa loko wake, ukamatsika zilombo zizichuluka. Zotsalazo kompyuta imagwedeza n'kukhuthula, nthawi iliyonse ukadina batani. Siikudziwa iwe, Tadala. Siidana nawe, siikukondanso. Ngakhale dzina lako siilidziwa."

Ndinakana. Ndinati imazindikira chala changa. Apo anaseka, kuseka koyamba kumene ndinawamva, n'kumata kamera ija ndi katepi kakuda. Anati kuyambira tsiku limenelo Wezi azidina batani loyambira, phanga likaoneka ndizikhala ine, ndipo ine ndizidinira Wezi.

Tinachita zimenezo kwa masabata angapo. Mapanga oipa ankagwera aliyense. Wezi anayambirapo pakati pa mileme, Isaki anagwerapo m'dzenje asanayende n'komwe. Zinali zikuchitika chonchi ndi kale lomwe, kungoti ine ndinkasunga anga okha, a anzanga ndinkawaseka n'kuiwala. Nditasiya kukwiya ndinayamba kuona. Ndinazindikira kuti pansi pong'aluka pamagumuka, kuti mileme imatsata kuwala, kuti bokosi lokhala lokha pakati pa chipinda chachikulu n'lofunika kulikayikira. Njira zinali zosatheka kuloweza, koma khalidwe la zinthu linali lophunzirika. Ana a pazenera ankakuwa m'Chitonga, "Luta! Luta!" pofuna kuti ndipite, kapena "Maji!" pondichenjeza za madzi, ndipo chala changa chinayamba kumvera mutu usanamasulire. Chitonga chambiri chimene ndimadziwa lero ndinachitolera pazenera limenelo.

Tsiku lina mvula inathamangitsa ana onse, tinatsala ine ndi Wezi. Iye anali pampando, ndipo anatsika mpaka kufika phanga limene tinali tisanaonepo lofanana nalo. Linali lalikulu, lopanda chilombo ngakhale chimodzi, pakati pake pali dziwe, m'mphepete mwake mwamera bowa wowala mobiriwira. Wezi sanafune kuchokamo. Anangoyendetsa kamunthu kake uku ndi uku, mvula ikusokosa pamalata, mpaka mafuta a nyali anatha, nafera mumdima akufunafuna makwerero.

"Tsopano phanga lija lapita kuti?" Wezi anawafunsa achimwene ake.

"Palibe kumene lapita. Latha."

"Ena analionapo?"

"Sindikhulupirira. Ngakhale amene anapanga gemu sanalione. Mwaliona awirinu basi."

Mawa lake titawafotokozera anzathu, Isaki anati tikunama, ndipo tinalibe choti timuonetse.

Funso lina limene linkativuta linali lakuti: kodi lingatuluke phanga loti munthu sangalithe, ngakhale atasewera bwino chotani? Isaki ankati ayi, malamulo aja amaletsa. A Yotamu anati zimachitika, koma mwa apo ndi apo. Iwo anakumanapo nalo ali ku Joni. Njira yokhayo yopitira kumakwerero inadutsa pakati pa zilombo, ndipo mabokosi onse akumtunda analibe chida.

"Ndiye munatani?" ndinafunsa.

"Ndinafa. Ukakumana ndi lotero sunalakwe, koma palibenso wakulakwira."

A Manda anali atabwera kudzatenga foni yawo, ndipo anamva mawuwo. Anali bambo aatali, oyankhula pang'onopang'ono ngati ali paguwa.

"Palibe chimene chimangogwa, Yotamu. Chiuta amadziwa chilichonse."

"Ada, ine ndikunena za kompyuta."

A Manda anayang'ana sikirini kanthawi, kamunthu kanga kataima m'mphepete mwa dzenje. Anapukusa mutu, kutenga foni yawo, n'kumapita. Onse awiri nkhaniyo sanaipitirize.

Kunyumba zinthu sizinali bwino. Nkhuku zimene tinabwera nazo kuchokera ku Mchinji zinafa ndi chitopa. Za a Manda zinafanso, ndi za mudzi wonse, koma mayi ankanena za zathu zokha. Mwera utawomba unasasula lata padenga la kanyumba kathu, pamwamba penipeni pogona ife ana. M'khitchini munapezeka njoka. Zonsezi mayi ankazisanjikiza ngati nkhuni, ndipo tikamadya ankauza bambo motsitsa mawu kuti pakhomo pano pali dzanja la munthu. Bambo ankangoti, "Mayi a Tadala, tiyeni tipirire, nyumba ya kusukulu ipezeka," n'kubwerera kukachonga makope.

Anyalongwe anali mayi waphokoso, woseka ndi thupi lonse, wodziwa Chichewa chochepa. Tsiku lina Dalitso anayenda pamphasa imene Anyalongwe anayanikapo ufa wa kondowole, n'kusiya timapazi toyera pabwalo ponse. Anyalongwe anamunyamula, kumupukuta, n'kunena mawu ena m'Chitonga akuseka, kenaka anamusendera nthochi. Mayi anaona zonsezi ali pakhonde, ndipo anaitana Wezi kuti awamasulire.

"Akuti mwana uyu sakhalitsa," anatero Wezi.

Ankatanthauza kuti sakhazikika malo amodzi, ndi woyendayenda. Mayi sanafunsenso. Anangomutenga Dalitso n'kulowa naye m'nyumba.

Sabata isanathe, Loweruka m'mawa bambo atapita kumsonkhano wa aphunzitsi kuboma, Dalitso anadzuka thupi lili moto. Dzuwa lisanafike pamutu anayamba kuphiriphitha, maso atatembenuzika, thovu likutuluka kukamwa. Mayi anatuluka naye panja akukuwa. Sanathamangire kumsewu. Anathamangira pakhomo pa Anyalongwe.

"Munamudyetsa chiyani mwana wanga? Munati sakhalitsa! Nayu, mutengeni, mumalize!"

Anthu anasonkhana. Anyalongwe sanamve mawu onse, koma chala choloza sichifuna womasulira. Kenaka anavula chitenje chapamwamba, kuchiviika m'ndowa, n'kufuna kumufunditsa mwanayo. Mayi anachikankha, chinagwera mumchenga. Amene anathetsa zonsezi anali a Yotamu. Anaimitsa pikapu ya nsomba pamsewu, n'kubwera kudzawagwira mayi pamkono, ndipo anakwera nawo mpaka kuchipatala ku Chintheche. Kaokala anakasiya kosatseka, mafoni a anthu ali patebulo.

Ine ndinatsala ndekha. Ndinakhala pakhonde la kanyumba kathu osaphika, osalowa m'nyumba. Dzuwa litapendeka Wezi anabwera ndi mbale yovindikira, naiika pafupi ndi mwendo wanga. Munali chinangwa chophika ndi usipa wootcha.

"Ama akuti udye," anatero, maso ali pansi. Iye anali atamva zonse, ndipo anazimva bwino kuposa mayi ake.

Ndinayang'ana mbaleyo nthawi yaitali. Mawu a mayi anali adakali m'makutu mwanga, ndipo mayi sanali munthu wabodza. Kutsidya kwa bwalo Anyalongwe anakhala pamtondo wogoneka, atandifulatira, koma ndinadziwa kuti akudikira kuona ngati mbale ibwerere yodzaza. Ndinaganiza za nkhuku za mudzi wonse. Ndinaganiza za ana a m'kalasi mwathu amene ankajomba ndi malungo mwezi ndi mwezi, Atonga enieni, obadwira pomwepo. Kenaka ndinadya. Ndinamaliza zonse, ndi mitu ya usipa yomwe, kutsuka mbale, n'kukaipereka ndekha. Anyalongwe anailandira ndi manja awiri.

"Yewu, mwana wangu," anatero.

Kuchipatala anapeza malungo aakulu. Bambo anapita komweko atangofika, ndipo ine ndinkagona ndi Wezi. Dalitso anabwerako patapita masiku, wowonda, bandeji ili pakadzanja, koma wamoyo. Mayi atamva kuti nthawi yonseyo ndinkadya kwa a Manda, anandiitanira kuchipinda.

"Ukufuna ndiike ana awiri?"

"Amayi, adokotala anena kuti ndi malungo. Mwina palibe amene wachita. Zina zimangogwa basi, ngati..."

Sindinamalize. Khofi linandipeza patsaya, loyamba ndi lomaliza limene mayi anandimenyapo. Kenaka anakhala pabedi n'kuyankhula ndi mawu otsika, osakwiya n'komwe.

"Udzudzu ndikuudziwa, sindine mbuli. Uli ponseponse. Ana adzaza pakhomo pano. Nanga unalekeranji onsewo n'kusankha wanga, sabata yomweyo?"

Anandiletsa kupondanso kukaokala ndi kulowa m'nyumba ya a Manda.

Ndinamvera, kupatula tsiku limodzi pamene bambo eni ake anandituma kukatchajitsa foni yawo. Ndinawapeza a Yotamu ali okha, laputopu ili chitsekere. Ndinawafotokozera funso la mayi, ndikuyembekeza kuti atenganso chitini. Sanachitenge. Anaika dzanja lawo lamanja patebulo, poyera, chinthu chimene sankachita kawirikawiri.

"Izi zitachitika, anthu anandiuza kuti ndi msuweni wanga amene tinkagona naye chipinda chimodzi ku Joni. Akuti ankachita nsanje chifukwa ine ndinapeza ntchito msanga. Ndinakhulupirira. Ndinasiya kudya chimene waphika, kenaka ndinasamuka osamutsanzika. Chonsecho ndi iye amene ankandisambitsa nditatuluka m'chipatala." Anayang'ana minibasi ikudutsa. "Makina ochekera matabwa aja anali ndi chotchinga. Mwini wake anachichotsa kuti ntchito izifulumira, ndipo ine ndinali wotopa. Pamenepo dzanja la munthu linalipo, koma si limene ndinkaloza. Nanga n'chifukwa chiyani ine, osati mnzanga amene anaima pomwepo dzulo lake? Chimenecho sindikuchidziwa. Ndimaona ngati chilibe mwini."

"Ndikawauze choncho amayi?"

"Ayi. Mwana wawo anatsala pang'ono kufa. Asiye."

Foni itadzaza anandipatsa, n'kundifunsa ngati neti ya pabedi pathu ili bwino. Inali itang'ambika kumiyendo tsiku limene lata linasasuka, ndipo m'chipwirikiti chija palibe amene anaiganizira. Ndinaisoka nditangofika kunyumba.

Teremu itatha nyumba ya kusukulu inapezeka, ndipo tinasamuka. A Manda anatithandiza kunyamula katundu ngati palibe chimene chinachitika. Anyalongwe sanatuluke. Mayi sanapepese, ndipo zaka zonse zimene tinakhala kunyanja akazi awiriwa ankangopatsana moni wouma wa pamsewu. Ine ndi Wezi tinapitiriza kukhala desiki imodzi, koma kwawo sindinapitenso, ndipo za tsiku lija sitinkazitchula. Gemu ija sindinaisewerenso. Ndinamva kuti laputopu inadzawonongeka, ndipo a Yotamu anabwerera ku Joni kukafunafuna msuweni wawo uja. Kaya anamupeza, sindikudziwa.

Lero ndili ndi mwana wanga, ndipo ndimakhala ku Lilongwe m'nyumba za lendi zogawana mpopi umodzi. Chaka chatha mwanayo anatentha thupi mpaka kukomoka. Ndili pabenchi ya chipatala, dzuwa likuswa mtengo, ndikudikira zotsatira za magazi, nkhope ya mayi wina woyandikana naye nyumba inangobwera yokha m'maganizo mwanga. Tinali titakangana za ndowa pampopi masiku angapo m'mbuyomo, ndipo iye anali atanena mawu olasa. Nkhopeyo sindinaiitane. Inabwera yokonzeka, ndi zifukwa zake zonse, ndipo kwa kanthawi inandipatsa mpumulo, poti mantha anga anapeza poloza.

Apo ndi pamene ndinawamvetsa mayi anga. Anali kutali ndi kwawo, pakati pa chiyankhulo chimene sankachimva, mwana akuwauma m'manja. Munthu ungathe kumukalipira, kumuthawa, kusamuka n'kumusiya. Chinthu chopanda mwini sungachichite kanthu, umangokhala pabenchi n'kudikira. N'chifukwa chake mtima umathamangira kufuna nkhope, ndipo nkhope yopezeka msanga ndi ya amene ali pafupi, yemweyo amene udzamufune mawa.

Funso la mayi sindinalipezerebe yankho, ndipo sindikhulupirira kuti a Yotamu kapena a Manda akanaliyankha mondikhutiritsa. Chimene ndinatolapo n'chaching'ono. Tsoka likagwa, ndisanaloze munthu ndimayamba ndafufuza dzanja lenileni, looneka, loti ndingalidzudzule kapena kukonza chimene lawononga. Ndikalisowa, ndimavomera kuti mwina palibe. Ndi chiphunzitso chozizira, sichitonthoza munthu. Koma nthawi yoona odwala itakwana tsiku limenelo, mayi woyandikana naye uja analowa m'wodi atanyamula fulasiki ya phala, ndipo ndinatha kumuyang'ana m'maso, kulandira, n'kumwetsa mwana wanga.